Kumene Akavalo Ankayang'ana

Lamastre, 4 Seputembala 1995

Mwana wanga Aurélien,

Landira moni wochokera kuno kumapiri. Ine ndili bwino, kupatula maso awa amene ayamba kundinamiza, kaya iwe kumeneko ku Lyon? Chipitire iwe kumeneko miyezi yapitayi, makalata ako akusowa. Ndikudziwa kuti wophika buledi amagwira ntchito anzake ali m'tulo, n'kumagona dzuwa likuswa mtengo, koma dzanja lolembera lija silinapsere mu uvuni, eti?

Mchemwali wako Ghislaine wandipezera dokotala wa maso kumeneko, Lachinayi pa 14, chakumasana. Amati andiperekeze, ine ndakana. Andiperekeze ku Lyon? Ine ndinasoka nsalu za silika pa phiri la Croix-Rousse iye asanabadwe n'komwe. Mzinda umenewo ndimaudziwa ngati khola langa la mbuzi.

Usavutike kubwera kusiteshoni. Tikakumane pa bwalo la Terreaux, pa kasupe wa ziboliboli za akavalo, nthawi ya 12 koloko. Ukaime kutsogolo kwa mphuno zawo. Ndi pomwe malemu bambo ako ankandidikira Lamlungu lililonse tili pachibwenzi, chipewa chili m'manja, mphepo ikuwawaza madzi a kasupeyo, iwo osasuntha poopa kuti ndiwaphonya. Chikwatiwire ine sindinapondeponso. Ndikufuna ndikapaone ndi maso omwewa adokotala asanawagwiregwire.

Usandiimbire foni kwa a Vialle oyandikana nafe aja. M'chinthu chija sindimva kanthu, ndimangoti eya, eya, mwina ndikuvomera zoti andigulitse. Lemba. Ndikubweretsera tchizi wa mkaka wa Roussette, mbuzi yofiira ija, yomwe ikadali yamwano ngati kale.

Ndine mayi ako,
Léonie

Lyon, 15 Seputembala 1995

Amayi,

Moni. Muli bwanji? Ndikufunsa zenizeni, si mwambo wa kalata chabe ayi, chifukwa dzulo mwandiyendetsa mzinda wonse ngati wamisala.

Ndinachoka kuntchito m'mawa, osagona, n'kufika pa kasupe nthawi isanakwane. Ndinaima pomwe munanena, kutsogolo kwa mphuno za akavalo. Alendo ojambula zithunzi anachita kundipempha kuti ndisendere, ine ndinakana. Ndinaima mpaka nkhunda zinandizolowera. Nditaona kuti simukutulukira ndinathamangira kusiteshoni, kulibe. Ndinapita kwa adokotala, mayi wolandira odwala anati dzina lanu aliitana kangapo, palibe anayankha. Ndiye ndinaimbira achemwali a Ghislaine, ndipo zimene anandiuza sindingazilembe papepala lopita kwa inu.

Madzulo a Vialle ndiwo anatikhazika mtima pansi, kuti akuonani mukutsika basi, tchizi wanga ali m'manja.

Chinachitika n'chiyani, Amayi? Sitima inachedwa? Munadwala panjira? Kapena ndinakulakwirani china chake? Ngati ndi nkhani ya makalata osowa aja, iyi ndi kalata, ndipo ina ikubwera. Koma ndiuzeni.

Mwana wanu,
Aurélien

Lamastre, 21 Seputembala 1995

Aurélien mwana wanga,

Moni. Kuno kuli bwino, mvula yayamba. Kaya iwe ukudya mokwanira?

Sitima sinachedwe, ndipo sindinadwale. Ku Lyon ndinafika. Sindinakuone, ndiye ndinabwerera. Mizinda yamasiku ano ili ndi anthu ambirimbiri, munthu sungaone ngakhale mwana wako. Za maso zitaye, ndikuonabe mbuzi zanga ndipo ndi zokhazo zofunika kuona.

Tchizi wako ndampatsa wapositi.

Mayi ako,
Léonie

Valence, 9 Okutobala 1995

Aurélien mlongo wanga,

Moni kwa iwe. Kuno ana ndi bambo awo ali bwino, ine ndekha ndiye tulo tandithawa. Ndikulemba chifukwa ndikaimba masana umayankha uli m'maloto, n'kuiwala zonse.

Amayi sali bwino. Tsiku lija anafika kunyumba siketi ili nyowe mpaka m'maondo, nsapato zodzaza madzi, chonsecho mvula sinagwe paliponse. Akazi a Vialle ndiwo anandiuza. Nditawafunsa anati, "Ndi madzi, sunaonepo madzi iwe?" Ndinawafunsa kuti tsiku lonselo anali kuti. Anati ku Terreaux. Ndinati Aurélien anali pomwepo. Anangodzuka n'kukayamba kutsuka mphika wotsuka kale.

Ndiye tamva izi. Lamlungu ndinafika m'mamawa osawauza. Ndinawapeza m'khola akukama Roussette, chipumi chili pamimba pa mbuziyo, akutchula mayina athu mmodzimmodzi. "Ghislaine. Aurélien. Régis mwamuna wanga anamwalira. Ine ndine Léonie." Akamaliza, n'kuyambiranso. Mlongo wanga, ndinabwerera chafutambuyo n'kukakhosomola pabwalo kuti adziwe kuti kwabwera munthu.

Iwe unali wamng'ono pamene Amayi aakulu a Berthe, akulu awo aja, anayamba kudwala mutu. Zinayamba chonchi. Tsiku lina anasochera pochokera kumsika womwe anakulira akupitako, kenako anayamba kutifunsa kuti ndife ana a yani.

Ndipo usaiwale za chaka chatha nthawi yozizira, pamene anaterereka pa chipale chofewa popita kukhola n'kugona pomwepo mpaka wapositi anawapeza. Nthawi imeneyo mutu unali bwinobwino. Nanga tsopano?

Ndakafunsa ku nyumba yosungirako okalamba kuno ku Valence, pafupi ndi kwathu. Akuti malo apezeka mu Disembala. Sindinawauze Amayi. Ndikudziwa kuti uyamba zako zija zoti munthu wakumapiri ukamutsitsa kuchigwa amafota. Ndazimva kale. Ingondiuza ngati akulembera chilichonse chachilendo.

Mchemwali wako,
Ghislaine

Lamastre, 29 Okutobala 1995

Mwana wanga,

Moni. Kaya uli bwanji? Kalata iyi uwerenge uli wekha, ndipo mchemwali wako asamve. Wayamba kundiyang'ana ngati mkaka woti wasasa.

Ndinakunamiza pang'ono. Sikuti sindinakuone chifukwa cha anthu ayi. Tamvera.

Nditatsika sitima ndinatsata mtsinje wa Saône ngati kale, n'kukhota pomwe ndinkakhota. Njira yonse miyendo inkandiyendetsa yokha, mpaka ndinkadziseka kuti taonani nkhalamba ikuthamangira chibwenzi. Ukamalowa m'bwalo kuchokera kumtsinjeko, choyamba kuona ndi msana wa chiboliboli cha mayi woyendetsa akavalo uja. Akavalowo amakhala akuthamangira kutsogolo, kuloza nyumba yaikulu ya khonsolo ya mzinda, ya wotchi ija. Bambo ako ankati akavalowa akukadandaula kwa ameya. Ankanena nthabwala yomweyo Lamlungu lililonse, ine n'kumaseka Lamlungu lililonse.

Ndinalowa m'bwalo. Panalibe kanthu, Aurélien. Miyala yokhayokha, see! Ndinaima pamalo penipenipo. Nyumba ya khonsolo inali kutsogolo kwanga, wotchi ili pomwepo. Ndiye ndinacheuka kumanzere, ndipo akavalo anali uko, m'mbali mwa bwalo, atatembenuka, akuthamangira kwina. Ndisanamvetse n'komwe, madzi anatumphuka pansi, pakati pa miyala, pamapazi anga penipeni. Anyamata ena anaseka.

Ndinati mwina ndalowa bwalo lina. Ndinatuluka, n'kuzungulira, n'kulowera msewu wina. Chimodzimodzi. Ndinazunguliranso. Kasupe amene uja ndi chinthu cholemera kuposa tchalitchi chathu, sangadzuke n'kuyenda ngati mbuzi. Ndiye ngati akavalo sanasunthe, chasuntha n'chiyani? Ndinakumbukira Berthe. Sindinayandikire n'komwe kuti ndikufunefune. Ndinaopa kuti ndikupeza n'kulephera kukuzindikira. Kufunsa munthu ndinachita manyazi: ndikanati chiyani, kuti pepani bambo, akavalo anga atembenuka?

Chiyambire tsiku limenelo ndimadziyesa mayeso m'mawa uliwonse pokama. Mpaka lero ndikukhoza.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Pita ukaone bwinobwino, n'kundiuza zoona: akavalowo akuyang'ana kuti? Ngati akuyang'ana nyumba ya khonsolo, ndiye kuti ndi maso okha anandisokoneza tsiku lija, ndipo maso adokotala amakonza. Ngati akuyang'ana kwina, ndiye kuti zonse zimene ndimakumbukira za ine ndi bambo ako ndazipeka ndekha, ndipo zimenezo palibe amakonza.

Usandinamize pondimvera chisoni. Ndidziwa.

Mayi ako,
Léonie

Lyon, 5 Novembala 1995

Achemwali,

Moni. Ana ali bwanji? Ine ndili bwino m'thupi mokha.

Amayi andiletsa kukuuzani izi, koma sindingathe kuzisenza ndekha. Akuti tsiku lija anapeza kasupe atachoka pamalo pake, akavalo atatembenuka. Akuti kale ankayang'ana nyumba ya khonsolo. Anandituma kuti ndikaone.

Ndapita, achemwali, ngakhale kuti ndimadutsapo pafupifupi tsiku lililonse. Ndinaima ngati chitsiru, n'kumayang'ana kavalo aliyense kumaso. Kasupe ali m'mbali mwa bwalo, pomwe ndinamupeza chibwerere ine kuno. Akavalo akuyang'ana nyumba yosungiramo zithunzi zakale, tsidya linalo. Nyumba ya khonsolo ili cham'mbali, palibe kavalo ndi mmodzi yemwe amene akuilabadira. Za madzi otumphuka pansi n'zoona, alipo timipopi tambirimbiri pabwalo lonse, ana amasewerapo. Siketi yonyowa ija ndiye imeneyo. Koma zinazo ayi.

Sindinafunse munthu. Ndikanafunsa bwanji? Kwathu sitinaleredwe kuti nkhani za m'nyumba tiziuza anthu apamsewu. Ngakhale abwana anga a Perrachon sadziwa kanthu, amangoti ndikuonda chifukwa cha mkazi.

Ndawayankha Amayi. Ndinalemba n'kung'amba, kulemba n'kung'amba. Ndinaganiza zowanamiza, koma anati adziwa, ndipo mukuwadziwa, akanadziwadi. Ndawauza mmene zilili.

Za ku Valence zija sindikudziwa. Mtima wanga ukukana, koma ndilibe poimira. Akamalemba, mawu awo ndi akuthwa ngati kale, nthabwala zili m'malo mwake. Kodi munthu woti mutu ukupita amalemba chonchi? Kaya. A Berthe ine ndimangokumbukira kuti ankanditcha dzina la galu wawo. Inu ndinu mumawaona, chitani chimene mukuona kuti n'chabwino. Koma muwafunse kaye, musangowanyamula.

Mlongo wanu,
Aurélien

Lamastre, 19 Novembala 1995

Aurélien mwana wanga,

Moni. Zikomo chifukwa cha kalata yako, ndiponso chifukwa sunandinamize. Ndinakulera bwino.

Ghislaine anabwera Lamlungu lapitali, atakonzeka kumenya nkhondo. Anakhala pampando chikwama chili pamiyendo, n'kuyamba ndi nkhani ya nyengo. Ine ndinati, "Siya za mitambo, nena za nyumba ya nkhalamba ija." Anangoti kukamwa yasa. Ndinamuuza kuti ndavomera. Anayamba kulira iyeyo, ine n'kumamutonthoza, zinthu zake zosokonekera.

Ndikufuna ndipite ndidakali wodziwa kumanga nsapato zanga. Berthe tinamuchedwetsa, ndipo anthu a m'mudzi muno amamukumbukira akuyenda mumsewu atavala malaya ogonera. Ine asadzandikumbukire choncho.

Mbuzi ndapereka kwa a Vialle. Roussette anakana kutuluka m'khola, anachita kumukoka awiriawiri, iye akundiyang'ana ine. Tsopano m'mawa ndimadzuka nthawi yokama, n'kukhala m'khitchini manja ali pathebulo. Dzulo ndinasaka magalasi nyumba yonse ali pamphuno. Kale ndikanaseka. Dzulo sindinaseke.

Chimene chikundipweteka si nyumba ayi. Ndikatseka maso ndimawaonabe bambo ako, chipewa m'manja, wotchi ya khonsolo ili kumbuyo kwawo, akavalo akubwera molunjika pa iwo. Ndimaziona bwinobwino kuposa mmene ndikuonera pepala ili. Ndiye ukandiuza kuti sizinali choncho, ndimadzifunsa kuti nanga china chimene sichinali choncho n'chiyani? Kodi ankasekadi mmene ndimakumbukiramu? Palibenso wina wotsala woti ndimufunse.

Pa 8 Disembala anthu a kumeneko amayatsa makandulo m'mazenera onse. Uyatseko imodzi pazenera lako. Zimenezo ndiye zilipodi, eti? Kapena nazonso ndapeka?

Mayi ako,
Léonie

Lyon, 9 Disembala 1995

Amayi! Amayi!

Moni, moni, koma musalongedze kanthu! Ngati mwalongedza, masulani!

Makandulo alipodi, simunapeke. Dzulo madzulo titatseka bekale, akazi a abwana anga, Mayi Perrachon, anati sindingakhale ndekha m'chipinda tsiku lotero, ndiye anandikoka kuti tikaone mazenera. Mayiwa anabadwira mumzinda muno ndipo pakamwa pawo sipapuma. Titafika pa Terreaux anakwinya nkhope n'kunena kuti, "Ine bwalo lino linanditayitsa mtima chiwasunthire akavalowa."

Ine ndinati, "Chiwasunthire ndani?"

Iwo anati, "Akavalo, nanga ndani, ameya? Anali uko, kumapeto uko, akuyang'ana nyumba ya khonsolo. Anawachotsa zaka zochepa zapitazi kuti akumbe pansi poimika magalimoto. Aliyense akudziwa zimenezi. Kodi kwanu kumapiri nyuzipepala mumangokulungira tchizi basi?"

Amayi, ndinawagwira mkono mwamphamvu mpaka anakuwa. Ndinati alozenso. Analoza malo omwewo amene munaima inu. Ndinaimitsa bambo wina wachikulire amene ankadutsa ndi mdzukulu wake, munthu wosamudziwa n'komwe, n'kumufunsa. Anati, "Uko, nanga! Ndipo kunali bwino uko." Ndinafunsanso wina, ndi wina, mpaka Mayi Perrachon anati anthu ayesa ndaledzera. Ndinalira pakati pa bwalo, ndipo sindinachite manyazi.

Mutu wanu uli bwinobwino. Munaima pamalo oyenera. Wosadziwa kanthu ndinali ine, mlendo wobwera dzulodzuloli, amene munamutuma kukaona ndi maso pamene pankafunika kufunsa ndi pakamwa. Bambo ankaimadi pomwe mumawaonapo, wotchi ili kumbuyo kwawo.

Ndikanabwera lero lomwe, koma mukudziwa kuti dziko lonse lili pa sitiraka, sitima siziyenda, ndipo a positi nawonso akuti makalata angounjikana m'matumba. Ndiponyabe iyi. Ndaimba kwa a Vialle kangapo, sikuyankhidwa, kaya chipale chagwetsa mawaya. Ndawapeza achemwali pafoni m'mawa uno ndipo ndawauza zonse. Akuuzani iwo kalatayi isanafike.

Musapite kulikonse. Mundiyankhe msanga.

Mwana wanu wopusa,
Aurélien

Valence, 13 Disembala 1995

Aurélien,

Moni. Kalata iyi ndapatsira mnzawo wa bambo a ana amene amayendetsa lole ya ufa kupita ku Lyon, chifukwa positi yafa. Werenga yonse usanayambe kutukwana.

Amayi ndinawatenga Lolemba. Ali kuno ku Valence, chipinda chawo n'chofunda, zenera likuyang'ana kumunda wa maluwa. Za akavalo zija sindinawauze.

Ndinakumva bwinobwino pafoni. Ndikukhulupirira kuti kasupe anamusunthadi. Koma ine mutu wanga wazungulira, mlongo wanga, sindikudziwanso chimene ndikudziwa. Munthu wabwinobwino akapeza kasupe wasuntha amafunsa wogulitsa nyuzipepala, sazungulira mzinda tsiku lonse siketi ili nyowe. Nanga mayina aja m'khola? Ukuti ankadziyesa mayeso. Mwina. Nanga magalasi? Mlungu wathawu anasiya mphika pamoto mpaka unapserera. Kodi n'kudwala, kapena ndi mantha amene tawapatsa ifeyo? Ndani angandiuze?

Ndipo ngakhale akavalo abwerere pamalo pawo mawa, chipale cha ku Lamastre chikhala chilipobe. Iwe ukamva kuti Amayi agwa umalira uli ku Lyon. Amene amayendetsa galimoto kukwera phiri lija msewu uli woterera, osadziwa ngati akawapeza amoyo, ndine. Ndatopa, Aurélien. Ndanena, ndatopa. Malowa tikawataya sitiwapezanso chaka chino.

Dzulo ndinapita nditatsimikiza mtima kuti ndiwauza. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, jasi lili m'thupi, chikwama pamiyendo ngati akudikira basi. Anandifunsa motsitsa mawu ngati kuno amaloledwa kutsegula zenera. Amayi athu aja, amene anathamangitsa wogula mbuzi ndi tsache, kupempha chilolezo cha zenera! Ndinaona kuti ndikawauza, ndiye kuti ndawauzanso kuti mbuzi zapita pachabe, nyumba tatseka pachabe, ndipo wachita zonsezi ndine.

Ndipatse nthawi mpaka Khirisimasi ipite. Kalata yako ikafika ku Lamastre, wapositi aitumiza kuno. Sindiibisa, usaope. Kungoti sindikudziwa ngati ndikufuna ifike msanga kapena ichedwe.

Mchemwali wako,
Ghislaine

Lamastre, 7 Januwale 1996

Aurélien mwana wanga,

Moni wa chaka chatsopano. Taona pamwamba pa kalatayi pomwe ndalemba dzina la malo. Ndili m'khitchini mwanga. Mukuzizira koopsa chifukwa nkhuni zanga mchemwali wako anagawa, koma ndi mwanga.

Kalata yako inandipeza Khirisimasi itatsala pang'ono, itayenda ulendo wautali kuposa wanga. Zilembo zako zinali zothamanga, maso anga analephera, ndiye ndinapempha mayi wa chipinda choyandikana nane kuti andiwerengere. Ndi wogontha kuposa ine, amawerenga mokuwa, choncho khonde lonse linamva kuti ndili ndi mwana wopusa. Atafika pa nyuzipepala zokulungira tchizi ndinayamba kuseka. Ndinaseka mpaka anamwino anabwera akuthamanga, kuganiza kuti tsopano zafika penipeni. Kenako kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo ndinamuuza mayiyo kuti awerengenso pamene wanena za bambo ako ndi wotchi. Anawerenga katatu, kachinayi anakana.

M'mawa mwake ndinavala jasi n'kukauza mkulu wa pamalopo kuti ndikupita kwathu. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti lero ndi tsiku lanji. Ndinati ndi tsiku lomwe basi ya ku Lamastre imanyamuka isanakwane nthawi ya nkhomaliro, ndiye andikhululukire, ndachedwa.

Ghislaine ananditsatira tsiku lomwelo. Tinakangana, mwana wanga, mawindo anachita kunjenjemera. Ndinamufunsa kuti anadziwa liti. Anandiuza, osabisa. Ndinafuna kumuthamangitsa. Koma ndinamuyang'ana ataima pakhomo paja, chipale chili m'tsitsi, ndipo ndinaona kuti tsitsilo layamba imvi, ine osadziwa. Ndiye ndinamuuza kuti atseke chitseko, mphepo ikulowa. Usamukalipire. Unamutumizira mawu okaluma pa Khirisimasi, ndamva. Mulembere ina yabwino.

Tagwirizana chonchi: andiikira foni ya belu lalikulu m'khitchini muno, ndipo ndiziyankha madzulo aliwonse ngakhale ndizingoti eya, eya. Chipale chikachuluka ndizikakhala kwawo mpaka chisungunuke. Tsiku lina mutu udzapitadi, mwina, pakuti Berthe anali m'bale wanga. Likadzafika tidzaona. Mphika uja ndinapserezadi, ndipo sindikudziwa chifukwa chake. Koma sindichokanso m'nyumba mwanga chifukwa cha magalimoto a anthu a ku Lyon.

A Vialle andibwezera mbuzi ziwiri. Roussette palibe. Akuti kwawoko anakana kudya, n'kumagunda zinzake, ndiye anamugulitsa kwa wopha nyama Khirisimasi isanafike. Anandiuza akuyang'ana pansi. Ndine ndinawapatsa ndekha chingwe chake m'manja tsiku lija. M'mawa ndikalowa m'khola ndimayang'anabe pakona pake.

Tsopano tamvera. Adokotala a maso andipatsa tsiku lina, Lachinayi loyamba la Malichi. Ghislaine akuti abwera nane, ndipo nthawi ino ndamulola, anyamule tchizi. Tikakumane pa Terreaux, 12 koloko. Koma usakaime kumphuno za akavalo, amenewo ndathana nawo, apite kumene akupitako. Ine ndikaima kumapeto kuja, pamiyala popanda kanthu, pomwe bambo ako ankaima, ndipo ndivala nsapato zamphira chifukwa cha timipopi tawo tija. Anthu akaseke nkhalamba yodikira pamalo opanda kanthu, zawo zimenezo.

Ine ndinafika pamalo oyenera kale. Nthawi ino usunthe ndiwe.

Ndine mayi ako,
Léonie